Soseji pa kolala ya Bisiketi

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chimene amayi anabwera ndi galu kunyumba kwathu ku Beaumont Leys, kudziko la azungu. Anali wa agogo ena achizungu amene amayi ankawasamalira. Atamwalira, ana awo anati alibe malo. Dzina lake Bisiketi, wa imvi kukamwa, womva ndi khutu limodzi. Eni nyumba anatilola, koma anachenjeza: dandaulo limodzi lokha, galu achoke.

Bisiketi ankakonda zinthu ziwiri basi, kugona pafupi ndi hita ndi kununkhiza mpanda. Amayi sizinawasangalatse.

"Kwathu ku Ntcheu agalu amayenda chigulu," anatero. "Uyu akudwala kusungulumwa. Tadala, pita naye kupaki akapeze anzake."

Kupakiko kuli malo otchinga kumene agalu amamasulidwa. Tinapita Loweruka katatu, iye n'kumangobisala kuseri kwa miyendo yanga, mchira uli pakati. Ndiye ine, katswiri amene ndinathirapo mchere m'shuga wa abusa, ndinapeza nzeru: ndinapaka mafuta a soseji pa kolala yake kuti anzake amukonde.

Anamukondadi. Agalu asanu anamuzungulira, kumunyambita, kumukwera pamsana. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndisaname, chiyambi chakecho ndikachikumbuka ndimasekabe. Bisiketi anauma gwa, akunyambita milomo, maso ali pa ine. Ndinkayesa akulakalaka soseji. Kenako analuma khutu la kagalu koyera ka mayi wina wa mumsewu wathu womwewo.

Kalata ya eni nyumba inafika Lachitatu. Amayi ananunkhiza kolala ija, n'kundiyang'ana.

"Ndiwe?"

"Munati apeze anzake."

Sanandikalipire. Anangoti, "Ine ndinamutuma, iwe unamupaka. Kavale jekete."

Kumalo osungira agalu opanda eni kumene tinakamusiya, mtsikana amene anatilandira anati agalu ambiri akakula safuna chigulu, kuyenda ndi munthu mmodzi kumawakwanira. Anawonjezera, maso ali pafomu, kuti galu wokalamba woti analumapo mnzake, anthu sathamangira kumutenga.

Zachibwana sindinasiye, funsani aphunzitsi anga a masamu za mpando wawo. Koma pano ndikudziwa kuti Bisiketi anali atandiuza kale katatu konse, ali kuseri kwa miyendo yanga, ndipo tonse m'nyumba muja tinayesa manyazi. Amayi anaimbako foni miyezi ingapo kufunsa ngati wapeza khomo, kenako anasiya. Kolala ili m'dirowa yanga. Fungo la soseji linatha kalekale.