Disikete yomaliza ya amayi anu

Mwaswera bwanji nonse.

Lero m'bale wanu Alberto wabwera ndi laputopu yake. Waikamo pulogalamu yoti laputopuyo izigwira ntchito ngati kompyuta yakale ija imene malemu amayi anu ankalembapo nyimbo za kwaya ku parishi, titangobwerako ku Malawi. Ndamupatsa madisikete atatu osungiramo nyimbozo amene anali m'sutikesi mwawo.

Yoyamba yatseguka. Paoneka zilembo zobiriwira, dzina lawo pamwamba, kenako laputopu yayamba kulira tii-tii, kuimba nyimbo ya Pasaka imene anapeka okha. Ine ndinali nditaiwala mmene imathera. Ndangogwira tebulo mpaka yatha.

Yachiwiri yangolira khwee m'kamakina ka Alberto kowerengera madisikete, n'kutuluka itakalika. Alberto wati, "Bambo, inachita nkhungu. Zimene zinalimo zapita."

Yatsala imodzi. Iye akuti tiyese lero lomwe, chifukwa tikaisunga chinyezi cha kuno ku Milange chiidya ndithu. Ine ndamugwira dzanja. Sindikumuimba mlandu, koma izi sindingagamule ndekha, anali amayi anu nonse.

Filomena, Joaquim, nanunso alamu ku Majaua, ndiuzeni. Tiyese ngakhale ingawonongeke, kapena ibwerere m'sutikesi tisanaimve? Alberto akunyamuka mawa m'mawa ndi kamakina kake.