Theka la Ola la a Herlinda

Ine ndi a Herlinda Cantú takhala moyandikana nyumba ku Laredo, m'dziko la America, zaka makumi awiri. Tinkadya totiya, timikate topyapyala, za ufa umodzimodzi, koma tsiku limene anatiyeza kutchalitchi, shuga wanga anali bwinobwino, wawo anali wokwera kwambiri, 240.

Namwino anawafotokozera ine ndili pomwepo. "Mayi, insulini thupi lanu likupanga ndithu. Vuto ndi minofu, siikumva ikauzidwa kuti itenge shuga. Mukadya totiya kapena mpunga, shuga amangotsalira m'magazi n'kumawononga timitsempha ta m'maso."

"Yatengera amuna anga," anatero a Herlinda. "Nawonso samva."

Namwino anaseka. "Mukangotha kudya muziyenda theka la ola. Minofu ikamagwira ntchito imamva msanga."

A Herlinda anavomera, koma maso ali pansi. Maso amenewo ndi amene amayendetsa galimoto Lachinayi lililonse, kupita ndi amuna awo, a Eusebio, kuchipatala. A Eusebio anafa ziwalo mbali imodzi ndipo amameza movutikira. Dokotala wawo analamula kuti akatha kudya azikhala tsonga theka la ola, kuopa kutsamwa. Paokha amagwera kumanzere. Choncho katatu pa tsiku a Herlinda amakhala pambali pa bedi, atawachirikiza ndi phewa. Amadyera pomwepo, zotsala m'mbale: phala, mbatata yosinja, mpunga wofewa. Nthawi yophika kawiri palibe. Akadzuka pamenepo, pali zofunda zochapa ndi mankhwala oti asinje.

Ndinayesa kuwalandira ntchito yochirikizayi masana, masiku asanu ndi anayi. A Eusebio ankandikankha ndi dzanja labwinolo.

"Iwe Linda, ukundisiyira mayi wa mafupa okhaokhayu? Akundibaya!"

"Khalani chete bambo, mayi wa mnofu watopa," anayankha a Herlinda.

Kenako kuntchito kwanga, kochapira zovala, anandisinthira nthawi, ndipo a Herlinda anabwerera pampando wawo. Mwana wawo amaimba foni kuchokera ku Houston Lamulungu lililonse. "Amayi, mukumayenda?" Iwo amayankha kuti akumayenda.

Mwezi watha a Herlinda anapita kukatenga layisensi yatsopano yoyendetsera galimoto. Poyeza maso, mzere wachitatu wa zilembo sanauone, ndipo layisensiyo sanawapatse. Madzulo ake anandipeza ndikuthirira maluwa, naima pampanda, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Achemwali, Lachinayi mumaweruka nthawi yanji?"

"Faifi koloko."

"Kuchipatala amatifuna teni koloko m'mawa," anatero, osandiyang'ana.

M'nyumba, a Eusebio anali atayamba kale kuitana.