Nambala ya a Esitere ndi Mavoti a Kuphiri

Mukafika ku Sadzi n'kufunsa kwa mayi wa manambala, akulozerani nyumba ya mpanda wa nsungwi, kwa a Esitere Alufandika. Mayiwa anagwira ntchito ya kalembera zaka makumi awiri ndi zisanu, khomo ndi khomo ndi chikwama cha mafomu, ndipo atapuma kuwerenga kunawakanirira. Amawerenga chilichonse, ngakhale anthu obwera pamaliro.

M'mawa uliwonse, tiyi ali pambali, amatsegula nyuzipepala zonse pafoni, kumvera mawailesi atatu, n'kusonkhanitsa nkhani za ndale pa tsamba lawo la pa intaneti. Maganizo awo salembapo ayi, koma mutu wa nkhani ndi kumene yachokera, basi. Chisankho chikayandikira amatenga kafukufuku aliyense wofunsa anthu amene adzamuvotere, n'kuphatikiza zonse kuti apeze nambala yapakati, wofunsa anthu ambiri akumalemera kuposa wofunsa ochepa. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma ankaidikira nambalayo Lachisanu lililonse.

Zinavuta chaka chimene mchimwene wawo Raymond anaima pa ukhansala. M'mimba mwa mayi awo anatsala awiriwa basi, ndipo Lamulungu lililonse Raymond ankadzamwa tiyi ku Sadzi akaweruka kutchalitchi. Wodi yake inayambira m'tauni n'kukwera mpaka midzi ya kuphiri, kwa olima mastiroberi.

Kunatuluka makafukufuku atatu. Wa ana a ku yunivesite ndi wa bungwe lina la mpingo anaonetsa Raymond ali m'mbuyo, makamaka kuphiri kumene ambiri ankati dzinalo sanalimvepo. Wachitatu anali wa kawailesi kena, woti anthu aziimba foni, ndipo kumeneko Raymond anasesa. Koma a Esitere anali atamvera pulogalamuyo mpaka kumapeto. Woyamba kuimba anali Mary wa ku Mbedza. Kenako mayi Kelly. Kenako gogo wina wonjenjemera mawu. Onse atatu ankatsokomola chimodzimodzi, ndipo kumbuyo kwa onse atatu kunkalira tambala yemweyo wosasa mawu. A Esitere ankamudziwa tambalayo, poti anamupereka okha kwa mlamu wawo Melissa, mkazi wa Raymond.

Anakhala pakhonde mpaka tiyi kuzizira. Kenako anachotsa kafukufuku wa wailesiyo, n'kulemba kuti ena anaimba kangapo, osatchula dzina. Nambala ya Lachisanu limenelo inati pa anthu 100 alionse Raymond ali ndi 41, mnzake 49.

Loweruka Raymond anafika, mpando anaukana.

"Achemwali, mwandivula pagulu. Mukanangophatikiza zonse zitatu chikanavuta n'chiyani?"

"Achimwene, yachitatuyo ndi ya alamu okhaokha."

"Magazi amodzi ife?"

"Amodzi. N'chifukwa chake sindingakunamizeni. Kuphiri sakukudziwani."

Raymond anatuluka osatsanzika. Lamulungu silinamuone ku Sadzi, lotsatiranso ayi, ndipo kutchalitchi ankatulukira khomo lina. Zinawapweteka a Esitere, kunena zoona analira. Ankatulutsa makapu awiri mwachizolowezi n'kubweza imodzi m'kabati. Tsiku lina anafika potsegula tsambalo kuti abwezeretse kafukufuku uja, chala chili pafoni, koma anaitseka n'kukathirira ndiwo kudimba.

Kenako anayamba kumva mphekesera kumsika. Amayi otsika ndi mastiroberi ankati kuli bambo wina wa mimba yake amene akukwera phiri wapansi, thukuta kamukamu, kulowa nyumba ndi nyumba. Misonkhano ya zimkuzamawu m'tauni anaisiya. Ankakhala pa mphasa kumva za mlatho woguluka ndi msewu umene umaphwanya zipatso zisanafike kumsika, akulemba m'kabuku.

Mavoti atawerengedwa, Raymond anapambana ndi mavoti 63 okha, ndipo mavotiwo anachokera kuphiri.

Lamulungu lotsatira a Esitere akusesa anamva kugogoda pa geti. Raymond anaima pamenepo atachepa thupi, nsapato zitatha chidendene, m'manja muli kambale ka mastiroberi.

"Nambala yanu inanama, achemwali."

"Tsiku limene ndinailemba inali yoona. Mwaisintha ndi miyendo yanuyo."

Raymond anayang'ana pansi. "Mukanaphatikiza ya wailesi ija ndikanagona, ndipo ndikanagwa."

A Esitere sanafune kuti mchimwene wawo aone misozi, ndiye anamulanda kambale kaja. "Alamu akudzuka bwanji? Mukawauze kuti ulendo wina akamaimba foni aziyamba atsekera tambala."

Raymond anaseka mpaka kugwira mpanda, kenako anakoka mpando wake uja pakhonde n'kukhala. A Esitere analowa m'nyumba kukatulutsa makapu awiri.