Mapiritsi Odikira Ramadani

Sitima ya asilikali ikalira ku Cuamba, mabotolo a m'farmasiya ankagundana pamashelefu. Ndinkaphunzira za mankhwala m'menemo, ine mwana wamasiye amene agogo anamulera kuti azingopenya, osafunsa akuluakulu.

Kunabwera mapiritsi atsopano a likodzo. Ndinkawanyadira ngati ndinawapanga ndine: za jakisoni zatha, kwatsala kumeza basi!

Bambo wina wachisilamu wa ku Mitande anadzagulira mwana wake. Bwana wanga Mpwitikizi anati, "Uwauze azimwa em jejum," kutanthauza m'mawa asanadye kanthu. Ine jejum ndinkangodziwa ya kutchalitchi, yosala kudya, ndipo kufunsa ndinachita nako manyazi.

"Azimwa nthawi yosala kudya, bambo," ndinatero ngati katswiri.

Patapita miyezi bambo aja anabweranso, botolo lili chitsekere.

"Mwanangu, Ramadani ikadali kutali, ndipo mwana akukodzabe magazi. Ife tikuthawira ku Malawi, nkhondo yakula. Mulibe ena omwa masiku wamba?"

Pomwepo ndinazindikira kuti ndinawasocheretsa. Bwana anali kumbuyo kwanga, ndipo ndinaopa kuti amva kupusa kwanga. Ndinangopukusa mutu.

"Basi, mukawapatse Akhristu anzanu, mwina inu muyamba kusala msanga."

Anandiikira botolo lija m'manja, natuluka.