Mbuzi ndi zigubu za Dalitso

Linali Lachinayi, 9 koloko m'mawa, patatha sabata titaika mwana wanga Dalitso, pamene ndinanamiza aphunzitsi ake a ku yunivesite.

Dalitso ankasunga zigubu zitatu kuseri kwa nyumba. Munali madzi a m'zimbudzi za madalaivala a pamalire, amene anatunga miyezi yosiyanasiyana n'kulemba manambala pa zivindikiro. Ankati fungo lobaya m'mphunolo ndi amoniya, ndipo likalowa m'kachipangizo kotentha konga phale, limatulutsa magetsi. Ine ndinkangoti, "Anzako akuphunzira udokotala, iwe chimbudzi?" Iye ankaseka.

Tsiku la maliro, azimayi anayenera kuphikira kuseri komweko. Ndinaopa kuti akanena kuti kwa amake Dalitso n'konunkha. Ndinakhuthulira zonse m'dzenje, zigubu n'kuzitsuka ndi phulusa.

Aphunzitsiwo, mayi aulemu, anakhala nane pamkeka. "Pepani amayi. Tikufuna timalize ntchito yake, dzina lake likhalepo. Madzi aja alipo?"

"Mbuzi zinagubuduza," ndinatero.

Anayang'ana zigubu zoyera mbee, zotsekedwa bwinobwino. "Mbuzi za ku Mwanza n'zaukhondo," anatero motsitsa mawu. Kenaka anati popanda madzi enieniwo, zimene Dalitso analemba sizingatsimikizike.

Ndinawapatsa manachesi, iwo n'kunyamuka. Ndinawaperekeza mpaka kumsewu.

Kukatunga ena sindingathe, chifukwa sindidziwa chimene manambala aja ankatanthauza. Zigubuzo zili m'chipinda chake. Sinditungiramo madzi. Ndimangozipukuta fumbi Lachinayi lililonse.