Zala Ziwiri za Mkulu wa Tindege

Mundikhululukire, kulemba sindinazolowere, komanso mkulu amene ndikufuna kunena za iwoyu sindiwamvetsa kwenikweni.

Ndi aneba anga ku Chirimba, okonza mawailesi. Loweruka lililonse amaulutsa tindege ta limoti pabwalo la mpira. Mabuku alibe. Kandege kakagwa amangoseka, amvekere: "Kandiuza pomwe ndalakwitsa."

Ine ndawerenga mabuku atatu a kapangidwe ka tindege, koma kandege kanga katha chaka pamwamba pa kabati, kuopa kukaphwanya. Tsiku lina ndinapita nako kwawo, pamodzi ndi masamu anga onse. Mapepalawo sanawayang'ane n'komwe. Anangokakhazika pa zala ziwiri kunsi kwa mapiko, mchira n'kupendekera pansi.

"Achimwene, kalemera kumbuyo aka. Mangirirani nati yachitsulo kumphunoku."

Pomwe masamu anga anasokonekera, mpaka lero sindikupaona. Koma natiyo ndamangirira, ndipo Loweruka lino ndikakaulutsa basi, kagwe kasagwe.