Mbatata ya Apongozi Anga

Mbatata ija ndinawapatsa ndine. Anamwino anali atandiuza momveka bwino kuti apongozi anga, bambo a mwamuna wanga, asadye kanthu mpaka atawachita opareshoni ya m'mimba. Ndinagwedeza mutu ngati wanzeru.

M'mawa mwake madala aja anaona dengu langa pansi pa bedi.

"Amake Chisomo, kodi munabwera kudzandidwazika kapena kudzandipha ndi njala?"

Ine pamsika wa Zalewa ndimabweza madalaivala amwano osaphethira, koma chikwatiwireni sindinanenepo "ayi" kwa apongozi. Ndinagwada, n'kusenda mbatata yootcha, n'kuwapatsira kuseri kwa chitenje.

Anamwino atabwera kudzawatenga anandifunsa, "Adya kanthu?"

"Ayi ndithu," ndinatero, zala zanga zili bii ndi makala.

Anayang'ana zalazo, kenako ndevu za apongozi, mmene munali nyenyeswa zachikasu. Sanakalipe. Anangondiuza kuti munthu akasanza atagonekedwa ndi mankhwala, chakudya chimalowa m'mapapo. Opareshoni anaisinthira tsiku lina, ndipo apongozi anapitiriza kubuula ndi ululu chifukwa cha ulemu wanga. Mpaka lero ndikaona mbatata yootcha ndimabisa manja.

Tsiku latsopanolo litafika, dengu ndinalisiya kukhitchini ya odikirira odwala. Apongozi anapempha kachidutswa kokha, anadandaula, mpaka anaopseza kuti akandinenera kwa mwana wawo. Koma ine ndinagwada monga mwa masiku onse, manja pamodzi.

"Bambo, mukandinenere mukachira. Lero simudya basi."